Choko, SPSS, R kapena data ya kwathu: statistics tiwaphunzitse bwanji a masters a zandale?

Sabata yatha mnzanga wina amene wangopatsidwa kumene kosi ya quantitative methods, yofufuza pogwiritsa ntchito manambala, ya a masters a political science anandipeza mu msika wa Zomba ndikusankha tomato, moni sitinamalize n'komwe wayamba kale, akuti achimwene ndiyambire pati, ndigwire choko kapena ndiwauze abwere ndi malaputopu? Ndinamuyankha zapamwambamwamba chifukwa wakabaza amandidikira, koma funsolo landikhala pamtima sabata yonse, ndiye ndati ndilembe bwinobwino kuti enanso amene muli pa ntchito yomweyi, kapena mukuganiza zolembetsa masters, muone njira zomwe zilipo. Zonse ndikutchulazi ndinaziyesapo ndekha, zina kwa zaka, zina semesita imodzi basi.

Tiyambe ndi anthu ake, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Wophunzira wa masters kuno kawirikawiri si mwana wongomaliza kumene digiri yoyamba ayi. Ndi bambo ogwira ntchito ku khonsolo, mayi a ku bungwe loona za ufulu wa anthu, mphunzitsi wa sekondale, wapolisi, mtolankhani. Ambiri masamu anatsanzikana nawo pa MSCE, enanso anasankha zandale dala kuti asadzakumanenso ndi x ndi y moyo wawo wonse. Amafika Lachisanu madzulo pa minibasi kuchokera ku Limbe kapena ku Liwonde, laputopu yakale batire lake losafika ola, bandulo yochita kuwerengera. Koma anthu amenewa ndale amazidziwa kuposa mabuku, ena anakhalapo ma monitala pa chisankho, anaona ndi maso awo mapepala a zotsatira akusainidwa usiku powunikira ndi tochi ya foni. Njira iliyonse tiziiyesa pa munthu ameneyu, osati pa wophunzira wa ku Michigan amene olemba mabuku ambiri amakhala akumuganizira.

Njira yoyamba ndi ija ambirife tinakuliramo, ya bolodi ndi choko. Mphunzitsi kulowa, kulemba fomula ya mean, ya variance, ya standard deviation, inu mukukopera, kenako kalikyuleta ya Casio m'manja, tebulo la z kumapeto kwa buku, chi-square pamanja mpaka pepala kudzadza. Sindikufuna kuinyoza njirayi chifukwa ili ndi zake zabwino zenizeni. Siilira magetsi, siilira bandulo, ndipo munthu amene anawerengerapo standard deviation ya manambala khumi ndi dzanja lake amadziwa kuti chinthuchi chikungoyeza m'mene manambala amwazikira kutali ndi pakati, sachiopanso. Ine mpaka lero nkhani ya mean ndi median ndimaiphunzitsa pa bolodi basi. Ndimati tiyerekeze m'chipinda muno tilimo khumi, asanu ndi anayi aliyense ali ndi K20,000 m'thumba, mmodzi wangolandira ya kontilakiti ali ndi K2,000,000. Mean ikuti aliyense ali ndi K218,000, median ikuti K20,000, ndiye ndani akunena zoona za chipinda chino? Pamenepo kalasi yonse imadzuka, wina amayamba kale kunena za malipoti a chuma omwe amati zinthu zikuyenda pamene kumudzi kwawo anthu akugona ndi njala.

Vuto lake ndi nthawi komanso mantha. Mumatha masabata asanu ndi atatu musanafunse funso ngakhale limodzi la ndale, pofika pa regression, njira yoyezera m'mene chinthu chimodzi chikuyendera limodzi ndi zina, semesita yatha, mwangoinunkhiza. Mayeso anthu amakhoza poloweza, koma ikafika nthawi ya thesis onse amathamangira ku ma interview ndi ma focus group, osati chifukwa funso lawo likufuna zimenezo koma chifukwa manambala akuwachititsa nthumanzi. Zimandiwawa kwambiri zimenezi chifukwa qualitative, kafukufuku wocheza ndi anthu osati wa manambala, nayonso ndi luso lofuna ulemu wake, si malo othawirako. Ndiye choko ndimachisunga koma ngati mchere, mphindi makumi awiri pa phunziro lililonse, osati kosi yonse.

Yachiwiri ndi yodinadina, makamaka SPSS. Pulogalamu imeneyi ndi yakale, inayamba mu 1968 ndipo kampani ya IBM inaigula mu 2009, kuno kwathu ndi imene anthu ambiri a m'mabungwe amaidziwa, moti pa CV kungolemba SPSS olemba ntchito amagwedeza mutu. Ubwino wake ndi woti tsiku loyamba lomwelo munthu amatulutsa tebulo, amatulutsa girafu, amapita kunyumba akumva kuti nayenso angathe, ndipo kwa munthu wa zaka makumi anayi amene wakhala akudzikayikira pa masamu chimenechi si chaching'ono. Komanso data ya Afrobarometer, kafukufuku wofunsa maganizo a anthu m'maiko ambiri a mu Africa, imabwera mu fayilo ya SPSS, ndiye kungotsegula mayina a mafunso ndi mayankho ake onse akuoneka.

Koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ndikuuzeni zomwe ndinaona ndi maso anga. Mayi wina wolimbikira kwambiri anabwera ndi laputopu yake madzulo ena a mu Juni, chiperoni chitatsika kuchokera kuphiri, atavala juzi ziwiri, nkhope ikuwala. Akuti aphunzitsi taonani, a Malawi amakhulupirira makhoti ndi apolisi kuposa m'mene timaganizira. Tebulo linali laudongo ndithu, madesimolo awiri, chilichonse pamalo pake. Ndinawafunsa kuti mayi, mwatsegulako codebook, kabuku kofotokoza tanthauzo la nambala iliyonse mu data? Sanatsegule. Pa mafunso a kukhulupirira aja, 0 amatanthauza olo pang'ono, 1 pang'ono chabe, 2 ndithu, 3 kwambiri, koma 9 amatanthauza sindikudziwa, ndipo mu fayilo yomwe iwo anapatsidwa ndi mnzawo ma 9 aja amawerengedwa ngati mayankho enieni. Ndinatenga kapepala ka risiti n'kulemba kumbuyo kwake 0, 1, 1, 2, 9, ndati tawerengerani avereji. Anapeza 2.6, pafupi ndi kwambiri. Ndati chotsani amene wati sindikudziwayo. Inatsika kufika pa 1, pang'ono chabe. Anakhala chete kanthawi kenako akuti ndiye kompyutayi siinandiuze bwanji? Siingakuuzeni mayi, imangochita zomwe mwadina. Ndipo chinandivutitsa kwambiri n'choti atafuna kubwerera kuti akonze, samakumbukiranso kuti anadina chiyani ndi chiyani masabata atatu apitawo, zonse kuyambiranso.

Apa ndiye pali kufooka kwenikweni kwa kudinadina, sikusiya mapazi. SPSS ili ndi batani la Paste lomwe limakulemberani syntax, mizere yosonyeza zonse zomwe mwadinazo, ndipo ngati mwasankha njira imeneyi chonde kakamizani aliyense kuti azidina Paste osati OK, kuyambira tsiku loyamba, asayimenti izibwera ndi fayilo ya syntax. China ndi ndalama. Layisensi ya ophunzira imakhala ya miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka, yolipira m'madola, ndipo tonse tikudziwa m'mene dola ikuvutira. Zotsatira zake anthu amapatsirana zosweka pa fulashi, zobwera ndi mavayirasi, zokana kutseguka usiku woti mawa apereke chaputala. Ngati mukufuna kudinadina basi, pali jamovi ndi JASP, zaulere zonse, zooneka bwino, zimatsegula mafayilo a SPSS popanda vuto, ndipo pansi pake zimayendera R, pulogalamu yolemba code yomwe ndiifotokoze kutsogoloku. PSPP nayonso ndi yaulere ndipo imatsanzira SPSS koma zambiri ilibe. Pa zitatuzi ine ndimakonda jamovi chifukwa mukasintha kanthu zotsatira zimasintha pomwepo mukuona, komanso imatha kukuonetsani code ya R ya zomwe mwapangazo.

Excel ndingoitchula mwachidule. Aliyense ali nayo, ndi yabwino polowetsa zotsatira za m'maboma 28 ndi kupanga pivot table, koma ikafika nkhani ya weights ndi logistic regression isiyeni, ndipo ili ndi khalidwe losintha manambala ena kukhala madeti osakuuzani.

Njira yachitatu ndi yolemba code, apa mpikisano uli pakati pa Stata ndi R. Stata inatuluka mu 1985 ndipo anthu a economics ndi a zaumoyo amaikonda kwambiri, ma command ake ndi afupiafupi ngati mukulankhula, tabulate, summarize, regress, munthu amawagwira msanga. Do-file yake ndi kope lanu, chilichonse mwachita chalembedwa, mawa mungoithamangitsanso. Pa data ya ma survey akuluakulu ngati Integrated Household Survey ya National Statistical Office, yomwe yachisanu yake ya 2019/20 inafikira mabanja opitirira 11,000, Stata imayenda mofewa ndipo ma command ake a svy amasamala bwino za strata ndi ma cluster, kutanthauza m'mene anthu ofunsidwa anasankhidwira m'magulu ndi m'madera. Wophunzira amene akulakalaka kukagwira ntchito ndi magulu a kafukufuku wa umphawi kapena zaumoyo, Stata idzamuthandiza kupeza ntchito, izi n'zoona. Koma nayonso ndi yogula, ndiye tabwerera pa nkhani ya madola ija.

R ndi yaulere, anaiyambitsa Ross Ihaka ndi Robert Gentleman ku University of Auckland ku New Zealand, ndipo version 1.0 inatuluka mu 2000. Ndi RStudio pamwamba pake, nayonso yaulere, mutha kuchita chilichonse kuyambira tebulo laling'ono mpaka mapu a madera a aphungu onse opakidwa mitundu malinga ndi chipani. Munthu akamaliza sukulu amapita nayo, ku khonsolo, ku bungwe, kulikonse, palibe tsiku lomwe idzamuuze kuti layisensi yatha. Kwa ine chimenechi n'chachikulu kuposa zonse. Koma walira mvula walira matope. Masabata atatu oyamba a R ndi owawa, komma imodzi kusowa mzere wofiira wa error, chilembo chachikulu m'malo mwa chaching'ono mzere wofiira, ndipo munthu amene amaopa kale masamu tsopano akuopa ziwiri. Ndinaonapo bambo wamkulu, bwana ku ofesi kwawo, akutseka laputopu mwakachetechete n'kuyang'ana pawindo maso atafiira. Ngati mphunzitsi muli nokha ndi anthu makumi awiri, aliyense ndi error yake, phunziro lonse limathera kuzungulira m'madesiki. Komanso ma package ngati tidyverse ndi haven amafuna intaneti powaika, ndiye musadikire tsiku la kalasi, ikani zonse pa fulashi kapena konzani Loweruka limodzi loikira mapulogalamu basi, ndi ma extension okwanira. Python ena amaifunsa, ndi yabwino kwa amene akufuna kusanthula zolemba zambirimbiri monga za pa Facebook kapena ma Hansard a ku Nyumba ya Malamulo, koma pa kosi yoyamba ya statistics sindiona chifukwa choyambira kumeneko.

Pena anthu amati masiku ano code ikulembedwa ndi ChatGPT ndiye kuvutikiranji. Imathandizadi, makamaka pomasulira mizere yofiira ija pakati pa usiku pamene mphunzitsi wagona. Koma ngati simunaiuze kuti 9 ndi sindikudziwa, ikhoza kukupatsani 2.6 yemwe uja mwaulemu wonse.

Tsopano mukaona bwino, njira zitatu zonsezi zikukangana za chida, khasu liti, pamene munda sitinautchule. Yachinayi ndi imene inandisintha maganizo, kuyamba ndi funso la ndale za kwathu n'kulola kuti funsolo likoke statistics yomwe likufuna. Ndipo pa ichi ife a ku Zomba tilibe chodandaula. Likulu la National Statistical Office lili momwemuno, Centre for Social Research ya University of Malawi ili momwemuno, Institute of Public Opinion and Research ili momwemuno. Malawi ali mu Afrobarometer kuyambira pachiyambi penipeni mu 1999, data yake ndi yaulere, mafunso amafunsidwa mu Chichewa ndi Chitumbuka, ndiye wophunzira atha kutsutsa ngakhale kamasuliridwe ka funso, chinthu chomwe wa ku Michigan uja sangathe.

Tengani nkhani ya sampulo. Pa bolodi ndi fomula youma. Koma funsani kalasi kuti anthu 1,200 angayankhulire bwanji dziko lomwe kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 17.5 miliyoni, muona m'mene mkangano ubukire, chifukwa aliyense anamvapo wandale akunena pa wailesi kuti ine sanandifunse. Ndimawauza za mphika wa nyemba. Mayi akafuna kudziwa ngati mchere wakwana samwa mphika wonse, amatakasa kaye kenako kulawa supuni imodzi, ndipo supuni yake ndi yomweyo kaya mphika ndi wa banja kaya ndi wa pa ukwati. Chinsinsi ndi kutakasako. Mu 1936 magazini ya Literary Digest ku America inalandira mayankho opitirira 2 miliyoni n'kulosera kuti Alf Landon apambana, koma Franklin Roosevelt anatenga ma state 46 mwa 48, chifukwa mayina ambiri anawatenga m'mabuku a matelefoni ndi a eni magalimoto, komanso amene anayankha ndi okhawo anafuna. Chisupuni chachikulu koma mphika wosatakasa. Mukangonena zimenezi wina amakweza dzanja n'kunena kuti ndiye ma poll a pa Facebook ndi oyimba foni pa wailesi aja ndi chimodzimodzi eti, ndipo wadziphunzitsa yekha selection bias musanaitchule dzina.

Kenako mumawaonetsa m'mene Afrobarometer imatakasira, kusankha madera a kalembera mwamaere, anthu asanu ndi atatu dera lililonse, kusinthanasinthana bambo ndi mayi. Anthu 1,200 amapereka margin of error, mlingo womwe zotsatira zingaphonye nawo, ya pafupifupi 3 peresenti uku ndi uku, pa 95 peresenti confidence. Kuti muidule pakati simuwirikiza chiwerengero cha anthu kawiri koma kanayi. Ndiye kubwera funso lomwe ndimalikonda, nanga tikangotenga a chigawo cha kumpoto okha? Kumpoto kuli pafupifupi 13 peresenti ya anthu a dziko lino, ndiye mu sampulo yotere ndi anthu cha m'ma 150, margin of error yakwera kufika pafupifupi 8. Munthu amene wawerengera yekha zimenezi sadzathamangiranso kulemba kuti chipani chakuti chatsika kumpoto chifukwa cha kusiyana kwa 4 peresenti.

Zisankho zathu nazo ndi nkhokwe. Mu 1994 Bakili Muluzi anapeza pafupifupi 47 peresenti, Kamuzu Banda 33, Chakufwa Chihana 19, ndipo mapu ake anagawika bwinobwino kumwera, pakati, kumpoto. Mu 2009 Bingu wa Mutharika anapeza pafupifupi 66 peresenti, mapu aja anasokonekera. Funso loti chinasintha n'chiyani limakubweretserani crosstab, girafu ndi regression zonse pamodzi. Mu 2019 Peter Mutharika analengezedwa ndi 38.57, Lazarus Chakwera 35.41, malemu Saulos Chilima 20.24, khoti linathetsa zotsatirazo pa 3 Febuluwale 2020, ndipo pa chisankho chachibwereza cha pa 23 Juni 2020 Chakwera, atagwirizana ndi Chilima, anapeza pafupifupi 59 peresenti. Ophunzira amathamangira kuphatikiza 35.41 ndi 20.24 n'kunena kuti anthu onse a Chilima anangosamukira kwa Chakwera. Mwina. Koma ovota anatsika kuchoka pa pafupifupi 74 peresenti kufika cha pa 65, ndiye amene anakhala kunyumba anali a ndani? Zotsatira za boma lonse kapena za dera la phungu sizikuuzani zomwe munthu mmodzi anachita m'kachipinda kovotera. Imeneyi ndi ecological fallacy yomwe W. S. Robinson anachenjeza mu 1950, ndipo sindinaonepo wina akuiiwala ataiphunzira kudzera pa chisankho chomwe iye mwini anaima pa mzere. Apa mumawakumbutsanso kuti maboma ndi 28 okha, ndiye regression ya ma variable khumi pa mizere 28 ndi kudzinamiza, bola madera a aphungu omwe anali 193 ndipo pa chisankho cha 2025 anafika 229.

Za chomwe chikuyambitsa chinzake, makuponi a fetereza ndi chitsanzo chosatha. Tiyerekeze mwapeza kuti olandira makuponi ambiri amakonda chipani cholamula. Kuponi ndi imene yawatembenuza, kapena anapatsidwa kuponi chifukwa anali kale a chipanicho, kapena pali chachitatu, monga kukhala pafupi ndi amfumu, chomwe chikukoka zonse ziwiri? Ophunzira athu pa izi ndi akatswiri, amakupatsani ma confounder, zachitatu zokoka zonse ziwiri zija, asanu mu mphindi imodzi chifukwa anaona mayina akulembedwa pansi pa mtengo. Kenako ndimawapatsa pepala la Daniel Posner la 2004 lija lokhudza Achewa ndi Atumbuka a mbali ziwiri za malire a Malawi ndi Zambia, m'mene anaonetsa kuti mitundu yomweyo imayang'anana ndi diso lofiira kuno koma ku Zambia imagwirizana, chifukwa kuno mtundu uliwonse ndi waukulu mokwana kuumangira chipani pamene uko yonse iwiri ndi yaing'ono pa ndale za dziko lonse. Masamu ake si ovuta, mphamvu yake yagona pa kuganiza bwino zoti ufanizire ndani ndi ndani. Ena m'kalasi amamutsutsa, makamaka ochokera ku Mzimba ndi ku Kasungu, ndipo mkangano umenewo ndi phunziro labwino kuposa lekichala iliyonse yomwe ndingakonze.

Ngakhale p-value, yomwe imazunguza aliyense, imalowa bwino ikabwera pambuyo pa funso. Si mwayi woti maganizo anu ndi olondola ayi. Ikungonena kuti pakanakhala kuti palibe kusiyana kwenikweni, zotsatira ngati izi kapena zoposa izi zikanatuluka kangati mwamwayi chabe. Malire a 0.05 anatchuka kudzera mwa Ronald Fisher m'zaka za m'ma 1920, si lamulo la Mose, ndipo mu 2016 American Statistical Association inachita kutulutsa chikalata chochenjeza anthu za kuigwiritsa ntchito molakwika. Ndimakana thesis yongowerenga nyenyezi zosonyeza p-value yotsika pa tebulo, ndimafuna munthu andiuze kuti kusiyanako ndi kwakukulu bwanji, m'mawu omwe phungu kapena gogo wake angamve.

Njira yachinayiyi ili ndi zake zolemetsa, ndisabise. Imamudyera mphunzitsi nthawi yambiri chifukwa buku lokonzeka kale la zitsanzo za kwathu simulipeza m'manja, mumakonza nokha data, kuichepetsa ikhale ya ma variable makumi awiri osati mazana. Mukapanda kusamala mitu ina imadumphidwa chifukwa palibe funso lomwe laikoka. Ndipo ndale ndi ndale, kalasi itha kusanduka bwalo la zipani, ndiye mumayenera kugwira chiwongolero, kuwabweza ku tebulo nthawi zonse, manambala akuti chiyani.

Pali inanso yomwe anzathu ambiri amaikonda, kuwatuma ophunzira kukapanga survey yawoyawo, mafunso pa KoboToolbox kapena ODK, foni m'manja, ulendo ku Chinamwali, ku Matawale, ku Mpondabwino. Ndi yosangalatsa ndipo imaphunzitsa zomwe kalasi singaphunzitse, monga kuona mayi akuyankha akuyang'ana kwa amuna awo, kapena kuzindikira kuti liwu loti boma kwa wina ndi pulezidenti, kwa wina ndi DC, kwa wina ndi tawuni. Koma ngati msana wa kosi yonse sindiivomereza. Theka la semesita limathera pa chilolezo, thiransipoti ndi kukonza mafunso, mapeto ake muli ndi anthu makumi asanu omwe munawapeza pa msika, sampulo yosatakasa yomwe simungachite nayo chilichonse cholimba. Ichiteni ngati kuyesa mafunso, Loweruka limodzi, aliyense anthu asanu, kenako kubwerera ku data yaikulu ndi maso atsopano.

Za kagawidwe ka nthawi, pakati pa masabata awiri othinana ndi semesita yonse, ine ndili ku semesita. Zothinana zija anthu amatuluka akusangalala koma pakatha mwezi zauluka, tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Ngati ophunzira anu ndi a block release ndipo simungachitire mwina, muziwapatsa kantchito kakang'ono sabata iliyonse ka mphindi makumi atatu, azitumiza sikirinishoti pa gulupu ya WhatsApp, ndipo muwaike awiriawiri, wolimba mtima pa kompyuta ndi wodziwa ndale, azikokana.

Mnzanga uja anabwera kunyumba Lamlungu titaweruka ku tchalitchi, tinakhala pakhonde ndi tiyi ndi mbatata, ndipo zomwe ndinamuuza ndi izi. Msana wa kosi ukhale mafunso a kwathu, anayi kapena asanu basi. Phunziro lililonse liyambe ndi choko mphindi makumi awiri, manambala ochepa pamanja. Masabata atatu kapena anayi oyamba jamovi kuti mantha achoke, kenako kuwolokera ku R pang'onopang'ono pobwereza matebulo omwe aja anawapanga kale podina, kuti akaona yankho lomwelo likutuluka adziwe kuti code yawo ili bwino. Amene akulowera ku kafukufuku wa umphawi ndi zaumoyo muwaonetse Stata padera, munthu wodziwa R amaigwira m'masiku ochepa. SPSS ngati malo anu ali ndi layisensi yeniyeni ndipo simukufuna kusintha, palibe tchimo, bola Paste. Mayeso otsiriza asakhale oloweza mafomula, aliyense apereke funso lake, code yake ndi masamba asanu, mnzake aithamangitse pa laputopu ina aone ngati manambala atuluke omwewo.

Anandifunsa kuti nanga magetsi akathima tsiku loyamba lomwelo? Ndinamupatsa envulopu yomwe ndimasunga mu chikwama, muli timapepala 200 tomwe ndinadula ndi sizasi, tina tolembedwa eya tina ayi, chiwerengero chake ndimadziwa ndekha. Aliyense amapisa dzanja, kutenga 20 osayang'ana, kuwerenga ma eya, kulemba pa bolodi, kubweza, kukhutchumula, wina atengenso. Pofika munthu wakhumi ndi chisanu manambala pa bolodi paja amakhala ataunjikana pakati, ochepa uku ochepa uko, ndipo wina amafuula yankho ndisanatsegule pakamwa. Anaitenga envulopuyo pamodzi ndi fulashi, akuti abweza ikatha sabata yachiwiri.